Kapu ya Abiti Twaibu

Kwa zaka khumi ndi zinayi, mayi wachisilamu wochokera kumudzi akamwalira ku Germiston, ku Thokoza kaya ku Tembisa, foni yoyamba inkapita kwa shehe, yachiwiri kwa Abiti Twaibu. Dzina lake la pa pasipoti ndi Fadila, koma anthu akwawo ankamutchula ndi dzina la bambo ake, mwaulemu wa ku Ntaja. Iye ndiye ankasambitsa maliro a amayi.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali ake atangokwatiwa kumene. Madzi ankawayesa ndi chigongono, ngati osambitsira khanda. Ankayambira kumanja, thupi lili chifundire, ndipo tsitsi ankaliluka patatu. Zimene manja ake ankapeza pansi pa nsaluyo, kaya zipsera, kaya mimba imene mwini wake sanaiulule, sizinkatuluka m'chipinda chosambitsiramo cha kumzikiti. Anali ndi beseni lakelake lobiriwira ndi sizasi yodulira sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo. Abambo akanyamuka ndi mtembo kupita kumanda, amayi n'kukhala pansi kulira, iye ankatsala akukolopa, ndipo matawulo ankapita nawo kwake kukachapa. Palibe amene anafunsapo kuti matawulowo amayera bwanji. Maliro n'kulirana, ankatero anthu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ku Joni anabwera motsatira mwamuna wake, Bakari, amene ankapakira katundu m'malole ku Spartan. Bakari atamwalira, Fadila sanabwerere. Mwana wake mmodzi yekhayo anali pabanja ku Ntaja, ana asanu, pasipoti alibe, ndipo onsewo ankadya za kuno. Choncho anakhalabe m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Primrose, n'kumakagwira ntchito ku Bedfordview kwa Madamu Lorraine, gogo wachizungu wa zaka makumi asanu ndi atatu, wofunika kumuveka, kumuphikira ndi kumugwira dzanja potsika masitepe.

Ululu unamupeza m'mawa wina akutawaza kuti aswali. Atangofikitsa madzi kumaso, chinachake chinang'anima m'tsaya lakumanja ngati waluma waya wamagetsi. Chinachokera pansagwada, kudutsa m'mbali mwa mphuno, kukaima pansi pa diso. Anauma ali chiweramire, madzi akudontha m'zala. Mphindi isanathe chinaleka, iye n'kuyang'ana babu kudenga, poganiza kuti magetsi alowa m'madzi.

Chitabweranso, anati ndi dzino. Anachotsetsa limodzi, kenako lachiwiri, kenako lachitatu. Pa dzino lachinayi dokotala wa mano anakana. "Mama, manowa alibe mlandu," anatero, n'kumulembera kalata ya ku chipatala chachikulu. Kumeneko dokotala wina, mtsikana wamagalasi, anamufotokozera kuti pali mtsempha umene nkhope imamvera kukhudza, ndipo wake wakumanja unali utayamba kukuwa popanda woumenya. Anamupatsa mapiritsi oyera a dzina lalitali, kabamazepini.

"Amenewa timapatsanso odwala khunyu," anatero dokotalayo, "koma inu si khunyu ayi. Amangokhazika mtsempha pansi."

Fadila anamva mawu akuti khunyu, n'kuwameza. Sanauze munthu.

Poyamba mapiritsiwo anali ngati dalitso. Anakukuta chimanga chootcha pa renki ya matakisi mpaka kuseka yekha. Koma patapita miyezi piritsi limodzi linaleka kukwana. Anamuonjezera lachiwiri, kenako lachitatu, ndipo lachitatulo linabwera ndi chizungulire ndi tulo tosatha. Tsiku lina anagona ali chiimire, simbi ili pa bulauzi ya Madamu. Mwezi uliwonse ankamutenga magazi, n'kumuuza kuti mchere wa m'thupi ukutsika. Ululu nawo unadziwa njira zake zonse. Unkabwera ndi mswachi, ndi supuni, ndi kamphepo ka pawindo la takisi, ndi moni amene. Anayamba kufunda mpango mpaka pamphuno, n'kumayankha malonje ndi mutu. Ena anati Bedfordview yamulowa, sadziwanso anthu.

Mnzake weniweni anali Adija, mayi wa ku Mangochi wogulitsa zitumbuwa ndi mandasi pa geti la fakitale ina ku Alberton. Anadziwana m'basi pobwera. Adija anali wamkamwa, wa phwete lomveka nyumba yachitatu, ndipo Fadila anali womvera nkhani zake. Nadia, mwana wa Adija, anakulira m'manja mwa onse awiri. Mayi ake akalawirira ku geti, anali Fadila amene ankamuluka tsitsi ndi kumupaka mafuta asanapite kusukulu.

Zinachitika pa sadaka ya munthu wina ku Thokoza, mwezi wa June, amayi akuphika mpunga panja m'miphika ikuluikulu. Fadila anatsitsa mpango kuti alawe mchere. Mphepo inakhota pakona ya nyumba n'kumukhudza patsaya. Chipande chinagwera m'phulusa. Anauma, dzanja lili m'mwamba, diso lakumanja litatsinzina, tsaya likunjenjemera. Kumeza sakanatha, ndiye malovu anatsika pachibwano onse akuona.

"Abiti Twaibu! Mwatani? Atsikana, madzi!"

"Musandithire," Fadila anafuna kutero, koma pakamwa sipakanatseguka. Anangoloza chikwama chake. Adija anathamanga, n'kutulutsa kabokosi ka mapiritsi. Analiyang'ana, n'kuliyang'ananso. Sukulu sanapite nayo patali, koma dzina lalitali limenelo ankalidziwa ngati nkhope ya m'bale wake. Mchimwene wake kumudzi anamwa omwewo zaka zambiri, mpaka tsiku limene anagwera pamoto.

"Awa ndi a khunyu awa," anatero Adija. Sananene mokweza, koma Adija analibe mawu apansi.

Amayi amene anali atamuzungulira anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Wina anakoka mwana wake. Wina anatenga phulusa n'kuwaza pamene panagwera malovu.

Ululu utaleka, Fadila anayesa kufotokoza, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa. "Si khunyu. Ndi mtsempha wa nkhope. Adokotala ananena."

"Ife sitikukutsutsani, achemwali," anatero mayi wina wachikulire. "Koma mapiritsi sanama."

Palibe anamunyoza. Chikanakhala chipongwe, bwenzi atachiyankha. Iwo anangoyamba kumulemekeza mopitirira. "Pumulani, mwagwira kalekale inu, miphika isiyireni atsikana." Pakudya, amayi akazungulira thireyi imodzi monga mwa masiku onse, iye ankamupakulira payekha, nyama yambiri pamwamba. Kunyumba kwa Adija kunapezeka kapu ya buluu yobenthuka pamlomo, imene inkakhala pawindo payokha, osati m'kabati ndi zinzake. Ambiri kwawo anakula akumva kuti khunyu imayenda m'malovu, ndipo zimene munthu anamva ali pamsana pa mayi ake sizichoka ndi mawu a dokotala amene iye sanamuone. Mwezi wa August kunamwalira mayi wina ku Tembisa. Fadila anamva patapita masiku awiri, kuti anamusambitsa amayi achimwenye a kumzikiti. Tsiku limenelo anatsitsa beseni lake pamwamba pa wadiropu, n'kulipukuta fumbi, n'kulibwezera.

Kuchipatala anamulowetsa m'makina ojambula m'mutu. Dokotala wa opaleshoni, bambo wa imvi, anamuonetsa chithunzi. Mtsempha wa magazi unali utatsamira mtsempha wa nkhope, n'kumaugunda nthawi iliyonse mtima ukagunda, mpaka kuusupula.

"Mapiritsi afika pothera, mama. Sitingaonjezerenso. Njira zilipo ziwiri." Yoyamba inali kulowetsa singano patsaya n'kuwotcha mtsemphawo. Imeneyo inali yachangu, koma tsaya likanatha kutsala dzanzi, ndipo ululu umatha kubwerera. Yachiwiri inali kuboola fupa kuseri kwa khutu, kusiyanitsa mitsempha iwiriyo n'kuika kansalu pakati. Ambiri amadzuka ululu utatheratu. Ena khutu limagontha. Ochepa kwambiri sadzuka.

Fadila anaganiza sabata ziwiri. Za kusadzuka sizinamuopse kwenikweni, imfa anali ataigwira ndi manja kambirimbiri. Chimene anachikana chinali dzanzi. Ankafuna tsiku lina adzatunge madzi ozizira ndi manja awiri, adzawamve nkhope yonse, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, monga ankachitira kale asanaswali. Komanso mumtima ankati, ndikasiya mapiritsi, kapu ija ibwerera m'kabati. Anasankha kuboola.

Anadikira miyezi khumi ndi umodzi. Tsiku litapezeka, Lachinayi lina mu August, nesi anamupatsa pepala.

"Apa mulembe dzina ndi foni ya munthu amene adzakutengeni, n'kukhala nanu sabata ziwiri. Simudzatha kuwerama, kunyamula ndowa, ngakhale kusamba nokha. Ubani ozokunakekela, mama? Adzakusamalani ndani?"

"Alipo," anatero Fadila.

"Musabwere nalo losalemba. Adokotala sakonda."

M'takisi anawerenga anthu pa zala. Mwana wake sakanatha kudutsa malire. Madamu Lorraine anamupatsa tchuthi ndi mtima wonse, koma gogoyo payekha sankatha kumanga nsapato. Kumudzi funso lotere silifunsidwa n'komwe, wodwala amapita kuchipatala ndi womudikirira, mphasa ndi kapoto. Kuno linali bokosi la mizere iwiri papepala.

Lamlungu anapita kwa Adija. Anamupeza akukanda ufa wa mandasi, Nadia atakhala pampando, miyendo itatupa, mimba ya miyezi isanu ndi itatu.

"Eish, taonani alendo! Nadia, uwaikire madzi amayi ako. Kapu yawo ili pawindopo."

Fadila anadikira tiyi azizire, chifukwa wotentha ankadzutsa mtsempha. Kenako anatulutsa pepala lija n'kufotokoza pang'onopang'ono. Adija anamvetsera manja ali mu ufa.

"Sabata ziwiri? Kugona komweko?"

"Kapena ine kuno. Pansi pomwepa pandikwana."

Adija anayang'ana mimba ya Nadia, n'kubweza maso mu ufa. "Mukuona nokha mmene zililimu, achemwali. Uyu watsala pang'ono. Khanda likabwera m'nyumba muno, ndiye... Komanso geti, ndikajomba sabata ziwiri ndikapeza Mzimbabwe atakhala pamalo panga."

"Amayi, si khunyu," anatero Nadia. "Ndinakuwerengerani pafoni, mankhwala amodzi amatha kuchiza matenda awiri. Ndiponso khunyuyo sapatsirana."

"Iwe khala chete, foni inabereka ndani? Amalume ako unawaona iwe?" Kenako anafewetsa mawu. "Musandimve molakwa, Abiti Twaibu. Chakudya ndizikutumizirani tsiku lililonse, wallahi."

Fadila anapinda pepala lake. Nadia anamuperekeza mpaka pageti, akuyenda mokoka miyendo. "Ndikanakhala wopepuka ndikanalemba langa," anatero. Fadila anamugwira tsaya, n'kuona kuti nalo latupa. Anafuna kumuuza kuti apite kukiliniki mawa lomwe, osadikira tsiku la sikelo, koma mphepo ya August inali itayamba kuulutsa fumbi la m'migodi. Anangoti, "Kukiliniki," n'kukweza mpango.

Lachinayi anadzuka nthawi ya swala ya m'mawa. Anatawaza ndi madzi ofunda, kukhudza tsaya ndi nsonga za zala ngati akugwira dzira. Chikwama chinali cholongedza kale: zitenje ziwiri, sopo, masilipasi, mapiritsi. Pepala linali pamwamba, mizere iwiri ija ili mbee. Anali atatsimikiza zopita nalo choncho, akagwade pamaso pa nesi. Ankayenera kufika isanakwane naini koloko.

Akutseka chitseko, anaona Adija ataima pampopi wa pabwalo, wopanda nsapato, mpango uli pakhosi. Sanaodire.

"Nadia," anatero Adija. "Dzulo madzulo anayamba kugwedezeka. Magazi anakwera. Tinathamanga naye. Onse awiri, achemwali. Onse awiri."

Fadila anatula chikwama pansi.

"Ashehe akuti tiika lero ikatha swala ya masana. Akuti amayi a kumzikiti alipo, angathe kusambitsa." Adija anagwada pasimenti yonyowa. "Mwana wanga asamuone alendo. Amung'amba pamimba. Inu munamusambitsa ali wamng'ono, amakudziwani manja. Ndagwira mwendo wanu."

Maso a Adija anagwera pa chikwama, n'kukhala pamenepo. Anakumbuka tsiku.

Maliro achisilamu sagona, ndipo chipatala sichidikira. Fadila anaganiza za miyezi khumi ndi umodzi, za mano atatu, za madzi ozizira kumaso. Kenako analowa m'nyumba, n'kukwera pampando, n'kutsitsa beseni lobiriwira.

Anamusambitsa Nadia monga ankasambitsira onse, koma mochedwerapo. Anayesa madzi ndi chigongono. Anayambira kumanja. Pa bala la pamimba anadutsa mopepuka, ngati mwini wake angamve. Tsitsi analipesa kaye asanaluke, chifukwa Nadia kuyambira ali mwana ankalira akamukoka. Nthunzi ya madzi inamudzutsira mtsempha kawiri. Kawiri konse anauma, chikho chili m'manja, amayi awiri omuthandiza akuyang'anana, mpaka ululu utadutsa, iye n'kupitiriza pamene analekera. Kakhandako anakasambitsa m'beseni momwe, n'kukadulira sanda yake yosakwana mkono. Pamene ankamanga mfundo yomaliza, wotchi ya pakhoma inali itapitirira leveni.

Abambo ananyamuka. Iye anakolopa, n'kulongedza matawulo m'jumbo. Kunyumba ya maliro amayi anamutsegulira njira, ena akumugwira mkono. "Mulungu akudalitseni, Abiti Twaibu. Pakanapanda inu." Mpunga utabwera, amayi anazungulira mathireyi, ndipo mayi wina anamubweretsera mbale yake payekha, nyama yambiri pamwamba, ndi madzi m'kapu ya buluu.

M'mawa mwake anapita kuchipatala ndi chikwama chija. Nesi anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu mwachisoni. Bedi linali litapatsidwa kwa wina wa pamzere, monga ziyenera kukhalira. Anamulembera tsiku lina, mwezi wa July chaka chamawa, n'kumupatsa pepala latsopano ndi mapiritsi a mwezi. Dokotala anati asaonjezere ngakhale theka, zivute zitani.

Patapita masiku asanu ndi atatu, Adija anabwera ku Primrose atanyamula beseni, limene linatsalira kumzikiti. Anali ataonda, mawu atamuthera. Anakhala pamphepete pa bedi. Matawulo a tsiku lija anali pampando, ochapa, osita, opinda bwino. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Amachapa ndinu?"

Fadila anavomera ndi mutu.

"Zaka zonsezi?"

Fadila anaika ketulo pa sitovu. Pa tebulo panali pepala latsopano lija, litatsamiritsidwa ndi kabokosi ka mapiritsi. Adija analikoka, n'kutsata mizere ndi chala mpaka anapeza tsiku.

"July? Mpaka July?" Anaphimba nkhope ndi mpango. "Ndinakudyerani tsiku lanu ine. Mwana wanga anandiuza, ine osamva." Analira pang'ono, kulira kouma kwa munthu amene misozi inamuthera. Kenako anapukuta mphuno. "Bolopeni ili kuti?"

Analemba dzina lake mochedwa, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili pakona ya mlomo, ndi nambala ya foni pansi pake. "M'nyumba muli malo tsopano," anatero.

Fadila anali ndi makapu awiri okha, ofanana, oyera, amene anagula ndi Bakari chaka chimene anafika. Anathira tiyi m'makapu onse awiri, n'kupereka imodzi ndi manja awiri. Adija anailandira, n'kuthokoza. Anaiyang'ana pamlomo pake, n'kuizunguza pang'ono, n'kuyang'ana inzake ija. Anaifumbata ngati akuotha manja, n'kuyamba kukamba za sadaka ya masiku makumi anayi, kuti mpunga ukagulidwe kuti, nanga mahema.

Fadila anamvetsera, akudikira wake azizire. Atazizira anamwa pang'onopang'ono, mbali ya kumanzere. Adija anakhala mpaka dzuwa litapendeka, n'kutsanzika, n'kunena kuti abweranso Lachisanu.

Atapita, Fadila anaika pepala lija m'chikwama cha kuchipatala, chimene anali asanamasule. Anakweza beseni pamwamba pa wadiropu. Kenako anatenga kapu ya Adija, tiyi ali wodzaza mpaka pamlomo, atachita kakhungu pamwamba, n'kupita nayo kumpopi, mpango atakweza mpaka pamphuno.